Usavutike, Wyson

1

Lolemba pa 5 Meyi, nthawi ya 9:40 m'mawa, Wyson Thawale, mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ya pulaimale ya Kanjerwa, anaitanidwa ku ofesi ya ahedi n'kupatsidwa envelopu yakhaki. Munali mapepala awiri. Loyamba linali la mlandu: kuti kuyambira pa 23 Seputembala mpaka pa 10 Malichi, iye anasainira mphunzitsi mnzake m'buku la nthawi maulendo 103. Lachiwiri linali ndi funso limodzi ndi timabokosi tiwiri.

Mlandu wanu umvedwe
poyera, pamaso pa makolo ndi aliyense wofuna kumva
kapena
m'chipinda chomata, pamaso pa akuluakulu atatu okha.
Chongani pamodzi. Bwezani pepalali lisanadutse Lachisanu pa 16 Meyi.

Ahedi, Mayi Chimbiya, anatseka chitseko pomupatsa envelopuyo. Chinakhala chotseka mphindi khumi ndi ziwiri. Panja, pansi pa mtengo wa mbawa, amayi ophika phala la ana anasiya kutakasa.

2

Buku la nthawi limakhala pakatebulo ka pakhonde la ofesi, lomangiriridwa ndi chingwe ku mwendo wa tebulolo. Mphunzitsi akafika amalemba dzina lake, nthawi imene wafika, n'kusaina. Ikakwana 7:15 ahedi amajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza. Wochedwa amasaina kunsi kwa mzere. Mzerewo sumva zoti njinga inaphwa.

Wosainiridwayo, a Elifala Mlongoti a Sitandade 2, aphunzitsa zaka 36 ndipo akupuma ntchito pa 31 Julayi. Sanasainepo kunsi kwa mzere. Masiku onse 103 aja iwo analipo, atavala taye, ataima kutsogolo kwa ana 84. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi.

Mlangizi wa masukulu anabwera pa 11 Malichi, anatsegula bukulo, osachedwa nalo, n'kuliika m'chikwama. Aphunzitsi anati bamboyo ali ndi diso.

3

Zinayamba Lachisanu pa 20 Seputembala. Thawale anapeza a Mlongoti atawerama pa bukulo, mphuno ili pafupi kukhudza pepala, cholembera chikupapasa mzere monga ndodo ya munthu wowoloka mtsinje wodzaza. Anasaina pamwamba pa dzina la munthu wina. Kumbuyo kwawo kunali aphunzitsi awiri achinyamata, ndipo mmodzi anabisa kamwa ndi kope.

Lolemba Thawale anafika 6:45. Analemba dzina lake. Pansi pake analemba lina.

6:50. E. Mlongoti.

Silinamuvute. Mu 1994, m'kalasi yomweyo ya Sitandade 2, a Mlongoti ndiwo anagwira dzanja lake n'kuliyendetsa pa sileti. E wa mchira wopindikira m'mwamba, M wa mapewa awiri ofanana: zonsezo anazitenga kwa iwo. Ankangobweza kwa mwini wake.

Atafika mkuluyo, Thawale anawachingamira pamasitepe.

Zatheka kale, aphunzitsi, anatero motsitsa mawu. Pitani m'kalasi.

A Mlongoti anaima kanthawi, mutu atapendeketsa.

Usavutike, Wyson.

Si vuto, aphunzitsi.

4

Pa 24 Seputembala. Usavutike, Wyson.
Pa 7 Novembala. Ndati usavutike, mwana wanga.
Pa 13 Januwale, teremu itangoyamba. Wyson, za buku zija, usavutike nazo.
Pa 10 Febuluwale. Wyson.

Si vuto, aphunzitsi. Si vuto ngakhale pang'ono.

Ukalandira katundu wa munthu wamkulu pa njira, amati usavutike, uku akukutula pamutu. Ukapatsa mlendo mpando, amati musavutike, uku akukhala. Thawale analeredwa bwino. Ankadziwa chimene mawuwo amatanthauza.

5

Ife amayi a phala chitseko chotseka tinachionapo. Munali mu 2017, pa nkhani ya mphunzitsi wina ndi mtsikana wa Sitandade 7. Anabweranso akuluakulu atatu pa galimoto yoyera, anamata mawindo ndi mapepala, anakambirana maola anayi, anatuluka akupukuta thukuta, osatiuza kanthu. Patatha mwezi mphunzitsi uja anasamutsidwa, katundu pa lole, akutibayibitsa ngati wakwezedwa. Mtsikana wa Sitandade 7 uja sanabwererenso m'kalasi. Tikumuona mpaka lero kuchigayo, mwana wake ali pambali, mphuno yake yomweyo ya aphunzitsi aja.

Ndiye musatiuze kuti chipinda chomata n'chiyani. Munthu samata poyera bwino. Amamata pong'aluka.

6

Lachiwiri pa 6 Meyi a Nachanza, wapampando wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo, anakalowa mu ofesi osagogoda.

Ahedi, a Thawale alakwa chiyani?

Khalani kaye pansi, mayi.

Ndakhala kale kwathu. Alakwa chiyani?

Sindingathe kunena. Lamulo likuti nkhani ndi yachinsinsi kufikira mwini wake atasankha.

Ndi mtsikana?

Sindinanene choncho.

Simunakanenso.

Mayi Nachanza, ndikakana ichi mundifunsa china, ndikakana chimenecho mundifunsanso china, potsiriza ndidzakhala ndanena.

Ndiye kuti chilipo chonena.

A Nachanza anamanga chitenje n'kutuluka. Sananamize munthu. Aliyense wowafunsa ankamuuza zimene anamva, mawu ndi mawu: ahedi sanakane.

7

Kaundula wa Sitandade 6, atsikana amene analipo:

Lolemba pa 5, 34.
Lachitatu pa 7, 31.
Lachisanu pa 9, 26.
Lolemba pa 12, 22.

Anyamata analipo onse.

Thawale ankaitana maina monga mwa masiku onse, n'kudikira pang'ono pa dzina lililonse lopanda woyankha. Kenaka ankatembenukira ku bolodi. Sabata imeneyo anali pa samu za tizigawo.

8

Mkazi wake, Nangozo, anali pakhonde akuthothola mtedza masana a Lachiwiri pa 13. Nkhani yonse ankaidziwa kuyambira Seputembala. Pepala lija linali pa mphasa, ataliponderetsa ndi mwala.

Bambo a Lonje, cholembera chili kuti?

Ndikuganiza kaye.

Mwaganiza masiku asanu ndi atatu. Nkhuku ikanakhala pa mazira bwenzi anapiye akugogoda. Kumjigo ndikafika ine nkhani zimatha. Dzulo a Nachanza andipatsa moni wa pamaliro, manja onse awiri. Akuti limbani mtima, mayi, amuna ndi ana. Ine ndilimbe mtima chifukwa cha siginecha?

Zidzatha.

Zidzatha liti? Za uja wa 2017 zinatha? Chongani poyera. Abwere onse, akhale pansi, amve kuti mwamuna wanga chigololo chake amachita ndi buku.

Thawale anaseka, koma pang'ono.

Poyera adzafunsa chifukwa. Ndidzati chiyani pamaso pa anthu mazana awiri? Kuti a Mlongoti saona? Iwo ali pompo, atavala taye?

Nanga akuona?

Kwawatsalira miyezi iwiri ndi theka, Nangozo. Atuluke pachipata okha, ndi mapazi awo, anthu akuwaombera m'manja.

Inu mudzatuluka bwanji?

Nangozo anaponya mtedza m'lichero mwamphamvu, wina n'kudumphira pansi.

Khoswe wakhala pa mkhate, anatero mwamunayo.

Mkhate wake ndi wa eni, anatero mkaziyo. Wosweka ndi wathu uno.

9

Iwe Wyson ukudziwa mmene zingakhalire poyera, ukuwaona kale atadzaza pansi pa mbawa, amayi kumanzere abambo kumanja, ana atakwera m'mazenera, ndipo wapampando akufunsa kuti nanga bwanji mwini dzina sankasaina yekha, iwe n'kutsegula kamwa, mawu n'kutuluka, ndipo mitu yonse ikutembenuka nthawi imodzi kusiya iwe kupita kwa nkhalamba imene inaphunzitsa theka la anthu amenewa kugwira pensulo, wina akuti kani n'chifukwa chake anandipitirira osandipatsa moni, wina akuti ndiye ana athu akuphunzitsidwa ndi ndani, wina akukweza zala ziwiri kuti awerenge, wina akuseka monga anasekera mphunzitsi uja kuseri kwa kope, ndipo iwe dzina lako layera mbee, atsikana abwerera onse 34, Nangozo akutunga madzi mutu uli m'mwamba, koma munthu amene anagwira dzanja lako mu 1994 akufufuza njira yotulukira pakati pa miyendo ya anthu ndipo palibe amene akudziwa ngati n'koyenera kumugwira dzanja

10

Thawale anachonga Lachitatu pa 14, tsiku la tchuthi. Kabokosi kachiwiri. Lachinayi m'mawa anapereka pepalalo kwa ahedi, ndipo ataweruka anapita kwa a Mlongoti. Anawapeza kuseri kwa nyumba, pa mpando wandalema, nkhope atalozetsa kudzuwa.

Ndi mapazi a Wyson amenewo.

Ndine, aphunzitsi. Mwaswera bwanji?

Ndaswera. Ndamva kuti kalata yako inafika. Tsiku ndi liti?

Pa 29.

Chabwino. Ndichapitse jekete. Achitira pansi pa mbawa?

Ayi. Musade nkhawa ndi chilichonse. Ndasankha m'chipinda chomata. Pepala lapita kale.

A Mlongoti anatsitsa nkhope kuichotsa kudzuwa.

Wasankha ndiwe?

Amafunsa woimbidwa mlandu.

Woimbidwa mlandu yekha?

Yekha.

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola zake.

Wyson, kodi unandifunsapo?

Sindikanafuna kukusenzetsani, aphunzitsi. Mwasenza zambiri.

Ndinakuuza kuti usavutike.

Si vuto, aphunzitsi.

Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ankaona kuti mkuluyo wasowa mawu othokozera.

11

Chomata.

Pofika Loweruka mawuwo anali atafika pamsika. Wasankha yekha. Anamupatsa mwayi woti anene poyera, wakana.

Zimene zinasintha sabata yotsatira:
kutchalitchi, benchi imene amakhala inatsala ndi malo a anthu awiri mbali zonse
kwaya ya ana imene ankaiphunzitsa Loweruka anaipereka kwa wina, ati mupumeko
wometa anamumeta osalankhula
Nangozo anayamba kutunga madzi ku mjigo wa kutsidya, mtunda wa mphindi makumi anayi
Lonje, mwana wawo wa Sitandade 4, anafunsa kuti kumata n'kutani.

Atsikana, Lolemba pa 26: 17.

12

Lachinayi pa 29 Meyi. Galimoto inafika 8:35. Anasankha kalasi ya Sitandade 8, popeza eni ake anali atamaliza mayeso.

M'chipindamo munali:
tebulo limodzi loyalidwa nsalu ya ahedi
mipando itatu mbali iyi, umodzi mbali iyo
mayi wapampando wa magalasi, bambo wolemba, ndi mlangizi uja
buku la nthawi, chingwe chake chikadali chomangirira
mabotolo atatu a madzi
matchati akale a ziwalo za nsomba ndi mapu a mitsinje, omatidwa m'mawindo chakunsi kumwamba.

Panja panali anthu oposa mazana awiri. Palibe anawaitana. Anakhala pansi pa mbawa mwa dongosolo, amayi kumanzere abambo kumanja, kuyang'ana chitseko.

Asanayambe, Thawale anasaina pepala lolonjeza kuti zokambidwa muno sadzazinena kwa munthu aliyense kufikira chigamulo chitatuluka. Wolembayo anayang'ana siginechayo n'kuyang'ana m'buku.

13

Wapampando ankafunsa, Thawale ankayankha.

Dzanja ili ndi lanu?

Ndi langa.

Maulendo onse 103?

Onse.

Mukudziwa kuti ndi mlandu?

Ndikudziwa. Koma a Mlongoti sanajombe. Mufunse aliyense.

Zimenezo sitikutsutsa. Anakutumani?

Ayi.

Munawapempha chilolezo?

Nkhani ngati imeneyi sufunsa, mayi. Umangochita.

Nanga bwanji sankasaina okha?

Thawale anayang'ana mawindo. Mapu a mitsinje ankapuma ndi mphepo. Anasendeza mpando kufupi ndi tebulo, n'kunena mawu amene anawasunga miyezi isanu ndi itatu, motsitsa kwambiri kotero kuti wolembayo anawerama kuti amve.

Maso awo anatha.

Palibe anadabwa. Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta.

Tikudziwa, a Thawale. Nkhaniyi sitinaitole m'buku. Kunabwera kalata.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa mapepala anayi akuluakulu, odulidwa ku tchati, opindidwa kanayi. Anawayala pa tebulo chifukwa m'manja sakanakwana. Thawale anawerenga ataimirira. Atamaliza anapempha madzi. Mabotolo anali atatu, ndipo mlangizi anamupatsa lake.

Zinatha 10:20. Mboni sanaitane, popeza woimbidwa mlandu anavomera zonse. Chigamulo, anati, chidzafika pasanathe masiku 21.

14

Chitseko chitatseguka anthu anaimirira. A Nachanza anali patsogolo.

Aphunzitsi, ife ndi makolo. Tiuzeni ndi pakamwa panu. Ndi mwana wa ndani?

Palibe mwana, mayi.

Ndiye n'chiyani?

Ndasaina kuti sindinena.

Mwasaina. Chabwino. Inu kusaina ndiye mumatha.

A Nachanza sankadziwa kuti alasa pa mlandu weniweniwo. Ena anaseka, ena anayamba kubalalika.

Kumapeto kwa khonde, pa mpando umene anachoka nawo kunyumba, panali a Mlongoti, jekete yochapa, taye yakuda, manja pa mawondo. Anali pamenepo kuyambira 7:30.

Wyson? Andiitana nthawi yanji?

Atha, aphunzitsi.

Atha.

Eya.

Wawerenga?

Ndawerenga.

Thawale anaima pafupi nawo, manja ali lende. Anafuna kuwanyamulira mpando. Dzanja linapita, linafika pa chotsamira, n'kubwerera.

15

Kalatayo inali ya pa 17 Febuluwale. Inalembedwa ndi cholembera chakuda cha matchati, zilembo zazikulu ngati za pa bolodi, mizere ikutsetsereka kumanja, mawu ena atakwerana.

Ine Elifala Mlongoti, mphunzitsi wa Sitandade 2 pa Kanjerwa, ndikulemba ndekha, mukhululuke dzanja.

Maso anga anatha chaka chatha. Ndimaona kuwala ndi mdima ndi mitu ya ana ngati maungu m'munda. Makope ndimachonga osaona. Aliyense amakhoza. Ana 84 akupita ku Sitandade 3 akudziwa nyimbo zonse, koma sindikudziwa ngati alipo khumi odziwa kulemba dzina lawo.

Ndinauza ahedi mu Ogasiti. Anati mphunzitsi wina palibe, pirirani mpaka Julayi. Ndinaganiza kuti buku la nthawi lindinenera, chifukwa ndinayamba kusaina mokhota, ndipo mlangizi akadzaona adzafunsa. Koma mwana wanga Wyson Thawale anayamba kundisainira. Amalemba dzina langa bwino kuposa mmene ndinkalilembera ndili mnyamata. Tsopano buku likuti ndili bwino. Ndamuletsa kanayi. Sakumva, chifukwa amandilemekeza. Kumukalipira ndalephera, chifukwa palibe munthu wina amene anandichitirapo chotere.

Musamulange. Wolakwa ndine, amene ndinaima kutsogolo kwa ana chaka chathunthu ndikuopa kunena mawu atatu.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Nkhaniyi mudzaikambe poyera, pansi pa mtengo, makolo onse alipo. Ambiri a iwo ndinawaphunzitsa ndine. Ndikufuna ndiwauze ndekha ndili chiimire, asadzamve kwa wina nditapita, kuti ayang'ane makope a ana awo nthawi ikadalipo. Ndikatero mundipatse munthu woona, ine ndizikhala kumbuyo ndi kuimbitsa nyimbo.

E. Mlongoti

Lero ndi Lolemba pa 30 Juni, tsiku la 32 chimvedwere mlandu. Chigamulo sichinafike, choncho Thawale sanganene kanthu, ndipo pamsika nkhani ikadali ya mtsikana. Sitandade 2 ikadali ndi mphunzitsi yemweyo. A Mlongoti apempha kuti alankhule pa msonkhano wa makolo wa Lachisanu pa 4 Julayi. Ahedi akuti mlandu unamvedwa m'chipinda chomata, ndipo sakudziwa ngati munthu amene sanaimbidwe mlandu ali ndi ufulu woutsegula. Analembera ku ofesi ya maphunziro pa 16 Juni kufunsa zimenezo.

Ofesi sinayankhe.